Boti la Mphwanga ku Chilomoni

Mphwanga anabwera kuchokera ku Joni akukoka boti. Anzake akamabwerako amatenga mafiriji, mabulangete onenepa aja, mawailesi ofuula, ndipo ena amangobwera ndi chifuwa. Iye anabwera ndi boti la injini, loyera, la mzere wabuluu m'mbali, litakhala pa ngolo ya matayala awiri imene ankaitchula kuti thilela. Anabwera nalo ku Chilomoni, kumene madzi timawaonera pampopi, nawonso akafuna okha kutuluka.

Linali Loweruka masana. Ine ndinali pakhonde la amayi ndikukhoma mwendo wa mpando. Ndimakhala pa poloti yomweyo, m'kanyumba kakuseri kamene ndinamanga nditakwatira. Ndine wachisamba, iye ndi mzime, ndipo pakati pathu pali alongo athu awiri amene anakwatiwa kutali. Bambo atamwalira, mphwangayo anakwera basi ya ku Joni n'kukakhalako zaka khumi ndi chimodzi. Zaka zonsezo wopita ndi amayi kuchipatala ndinali ine. Denga likadontha, ine. Maliro akagwa kumudzi ku Mulanje, ine. Iye ankangotumiza zithunzi pafoni, atavala magalasi akuda.

Ndinayamba kumva phokoso kumunsi, ngati kwagwidwa wakuba. Msewu wobwera kwathu ndi wokwera, ndipo mvula inaukumba ngalande pakati. Kapikapu kamene mphwanga anachita hayala kanalimbana nawo mpaka tayala limodzi la ngolo linagwera m'ngalandemo. Dalaivala anaponda moto, ngolo inatuluka, koma mkono wake, chitsulo chachitali chija amachikola kumbuyo kwa galimoto, unapindika. Kuchokera pamenepo anthu anachita kulikankha ndi manja botilo. Anakankha ogulitsa makala, anakankha ometa, anakankha ngakhale aneba athu amene sanandithandizepo kunyamula thumba la simenti. Analilowetsa pageti akuimba ngati abwera ndi chikho cha mpira.

Amayi anatuluka m'nyumba akululutira. Mawondo aja ndinkawagulira mafuta opaka mwezi ndi mwezi anachira tsiku limenelo. Anavina kuzungulira boti kawiri, kenako anamugwira mphwanga m'masaya ndi manja onse awiri.

"Mzime wanga, wabwera kudzationa kapena wabwera?"

"Ndabwera, amayi. Joni ndathana nayo. Botili likangolowa m'madzi ku Mangochi, ine ndakhala. Lachisanu lililonse muzindiona pano ndi chambo."

Titakhala pabalaza anatifotokozera. Kumeneko ankagwira ntchito kwa mzungu wina wokonza maboti pafupi ndi damu, ndipo anaphunzira za injini mpaka kuizindikira matenda pongomva kulira kwake. Mzunguyo atakalamba anamugulitsa boti lakale limeneli motchipa. Mphwanga anati watopa kugona anthu asanu m'chipinda chimodzi, watopa kulowa m'sitolo ya eni ake akaona galimoto ya apolisi. Ankafuna azinyamula alendo panyanja, ndi a maukwati okonda kukajambulitsa pamadzi. Zonse zimene anasunga zaka zonse zija zinali pabwalo paja, pa matayala awiri.

"Ndiye kuti ndikamadzafa udzakhala ulipo," anatero amayi, ngati ine amene ndinakhala pambali pawo ndinali kabati.

Ndinene mosabisa, nsanje inandigwira. Sinayambe ndi boti ayi. Tili ana, ine ndikaswa kapu ndinkamenyedwa, iye akaswa ankafunsidwa ngati wadzicheka. Ine ndinali mwana wodalirika, ndipo mwana wodalirika ali ngati mpopi wa pakhomo, amaukumbukira tsiku limene wauma. Botilo sindinkalifuna, madzi ndimawaopa, ngakhale mtsinje wa Mudi ukadzaza ndimazungulira. Chimene chinkandiwawa ndi mmene anthu ankamuyang'anira. Masiku amenewo pageti sipankatha anthu. Azimayi a kumpingo anabwera kudzaliona, akulu a mpingo analipempherera atasanjika manja pa injini, atsikana ankajambulitsa atalitsamira. Ine ndikamabwera kokayenda ndinkachita kupempha njira pakhomo pathu pomwe, wina n'kundifunsa kuti, "Kodi inu ndi achibale a eni boti?"

Mkazi wanga anaona zonse, poti mkazi sumubisira nkhope. "Mng'ono wanu wabwera akuyenda ndi miyendo yake," anatero, "anzake amabwera m'bokosi. Tamasukani." Ndinamuyankha kuti mutu ukundipweteka.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimachidziwa kuposa munthu aliyense kumtunda kwathu kuja: mapepala. Ndagwira ntchito zaka zoposa makumi awiri pa kampani yoombolera anthu katundu wochokera kunja. Ndinayamba ngati mesenjala, pano ndili ndi tebulo langa pafupi ndi chitseko. Magalimoto a anthu ena, mathirakitala a anthu ena, ngolo za anthu ena, zonsezo zadutsa m'manja mwanga zili mapepala, ine ndikukwera minibasi. Ndimadziwa khomo loyamba kugogoda ndi lomaliza, ndimadziwa pepala limene likasowa fayilo imagona chaka. Ndiye ndinkadikira kuti mphwanga abwere, akhale pansi, anene kuti achimwene, nayi ntchito yanu. Ndinali nditakonza kale ndi mawu omuyankha, odekha, a munthu wamkulu.

Sanabwere. Lolemba m'mawa ndinachita kudzipereka ndekha.

"Mapepala a thilelayi wayamba kuyendetsa?"

"Aaa, musavutike achimwene. Ndili ndi munthu wanga, ndinakumana naye pa boda. Akuti wiki imodzi zonse zikhala zatheka, bulubuku, nambala, chilichonse. Zanu zija n'zapang'onopang'ono."

Munthu wakeyo anali dobadoba, mmodzi wa amuna aja amaima panja pa maofesi n'kumalonjeza kuti akudumphitsa mzere. Zapang'onopang'ono. Mawu amenewo ndinakwera nawo minibasi, ndinadyera nawo tchipisi masana, ndinabwerera nawo kunyumba.

Madzulo ake mphwanga anasiya chikwama cha mapepala patebulo la amayi, ndipo dzanja langa linatsegula lokha, chizolowezi. Pa boda ya Mwanza anamulembera zonse zitatu pa pepala limodzi: boti, injini ndi ngolo. Za msonkho zinali bwinobwino, pamenepo sindinapeze chomunenera. Chotsala chinali kulembetsa kuti zikhale za kuno.

Ngolo ilibe injini, ilibe nkhope. Dzina lake ndi nambala imene anaidinda pa chitsulo kufakitale, basi. Apolisi amayamba aona nambalayo ndi maso awo, kuifananiza ndi ya papepala, kuti atsimikize kuti katunduyo sanabedwe kumene wachokera. Akakupatsa kalata yawo m'pamene umapita kokayeza ngolo pasikelo, kenako kwa oona za pamsewu kukatenga bulubuku ndi nambala ya kuno. Boti nalo lili ndi ofesi yake kunyanja, koma poti zinalowa pa pepala limodzi, nawonso akanafuna kalata ya apolisi yomweyo. Nambala ya pa chitsulo ikasowa, zonse zaima.

Ndinatuluka panja kukaifuna kukadali koyera. Ndinaipeza pa mkono wa ngolo, dzimbiri litaidya pang'ono koma ikuwerengeka. Inali pamalo opindika paja ndendende. Ndinaipukuta ndi chala, ndinaiwerenga kawiri, inagwirizana ndi ya papepala. Ndinabwezera chikwama pamalo pake osanena kanthu, poti panalibe amene anandifunsa.

Mmisiri wodzakonza mkonowo anamuitana ndi amayi. Anali bambo wa ku Ndirande, wa mpingo wathu, yemwe anatiwotcherera geti ndi mafelemu a mawindo. Amayi anamuimbira foni okha, ati mwana wawo asapite kwa anthu osawadziwa, angamubere. Bamboyo ndi katswiri, zimenezo sindingamulande. Ku Ndirande ukawaonetsa chithunzi cha chinthu, mawa lake ukachipeza chitapangidwa, chili ndi mng'ono wake. Koma kwa iwo chitsulo ndi chitsulo. Chopindika amadula n'kuika chowongoka, ndipo zodulidwazo zimakhala za mmisiri, amapita nazo. Ndi mmene amagwirira ntchito, ndipo aliyense amadziwa.

Anafika Lachiwiri m'mamawa kuti agwire ntchito magetsi asanazime, makina ake atawamangirira pa njinga ya kabaza. Anagwada, anaugogoda mkono uja ndi hamala, n'kupukusa mutu.

"Uwu kuwongola ayi, bwana. Ukathyokera panjira, boti lanu likalowa mu shopu ya munthu pa Zomba. Tidule apa ndi apa, tiike chitsulo chatsopano, chokhuthala. Mudzandikumbuka."

Anatenga choko n'kujambula mizere iwiri. Nambala ija inali pakati pa mizereyo.

Ine ndinali chiimire pakhonde, nditavala kale tayi, chikwama chili kukhwapa. Pakati pa ine ndi iwo panali mapazi osakwana khumi. Chofunika chinali mawu ochepa chabe: musadule pamenepo, pali nambala. Akanatha kuutenthetsa mkonowo n'kuuwongola, n'kuulimbitsa ndi chitsulo china chapansi, nambala n'kutsala poonekera. Mawuwo anafika pakamwa, ndinali nditatsegula kale milomo.

Nthawi yomweyo amayi anatuluka ndi thireyi ya tiyi wamkaka. Kapu ya malemu bambo, imene ine sindinamwerepo, inapita kwa mzime. Atandiona anati, "Iwe ukadali pano? Pita kuntchito, uchedwa. Zamabotizi asiyire eni ake amene akuzidziwa."

Mphwanga anaseka. Sikunali kuseka konyoza, kunali kuseka chabe kwa munthu wokondwa, koma ine ndinakumva mmene ndinafunira kukumva. Ndinati mumtima, safunsa anadya phula. Ndinatsanzika bwinobwino, ndinawafunira ntchito yabwino. Ndisanafike pa siteji ya minibasi ndinamva makina odulira zitsulo akulira kumtunda, ndipo sindinatembenuke.

Ndakhala ndikudzifunsa chimene ndinkafuna m'mawa umenewo. Sindinkafuna kuti mphwanga agwe. Ndinkafuna apunthwe pang'ono, akhale pansi, ayang'ane uku ndi uku, apeze kuti womudzutsa ndine. Ndinkaganiza kuti chidutswacho chikakhala penapake kuseri kwa shedi ya mmisiri, ine n'kukachitenga, n'kulemba kalata yofotokoza, n'kukonza zonse amayi akuona. M'minibasi ndinali nditayamba kale kulemba kalatayo m'mutu, ndipo inkamveka bwino kwambiri.

Madzulo ndinapeza mkono watsopano, wopakidwa penti yakuda, ukuwala. Unali wokongola kuposa wakale. Aliyense wodutsa ankaugwira n'kuyamikira manja a ku Ndirande, ndipo nanenso ndinayamikira.

Dobadoba uja anazengereza, wiki imodzi inasanduka atatu. M'masabata amenewo ntchito inandituma ku Ndirande kawiri. Ulendo wachiwiri ndinadutsa pafupi ndi shedi ya mmisiri mpaka kumva fungo la chitsulo chotentha. Ndikanangopatuka, kupereka moni, kupempha kachitsulo kopindika kaja n'kukaika pansi pa bedi langa. Koma ndinati ayi, ndikakatenga msanga adzadziwa bwanji kuti anavutika? Ndinadutsa, ndinakagula chinangwa chokazinga patsogolo.

Potsiriza dobadoba anabwera ndi wapolisi woona za magalimoto ochokera kunja, kuti adzaionere ngolo pakhomo pompo, poti inalibe nambala yoyendera pamsewu. Tsikulo ndinanama kuntchito kuti ndikupita ndi amayi kuchipatala. Ndinkafuna ndione ndi maso anga.

Wapolisiyo anali munthu wofatsa, wa imvi m'mbali. Anazungulira ngolo, anagwada, anapala penti ndi kiyi. Anasuzumira pansi, anapalanso pena. Kenako anaimirira n'kudzisasa mawondo.

"Nambala ya thilelayi ili pati?"

Mphwanga analoza papepala.

"Ya papepala ndaiona. Ndikufuna ya pa chitsulo. Apa pawotchereredwa posachedwa. Munachotsapo chiyani?"

Mphwanga anafotokoza za ngalande ndi za mmisiri, amayi nawo anathirira ndemanga, anatchula ndi mpingo womwe. Wapolisi anawamvetsera mpaka anamaliza.

"Amayi, ine sindikuti mwana wanu ndi wakuba. Koma akuba onse amene ndakumana nawo amadula pamalo pomwepa. Fayiloyi ndikupita nayo. Thilela isachoke pano, boti lisachoke pano, injini musaigulitse, mpaka anzathu a kumene zinachokera atitsimikizire."

Titatembenuka kuti dobadoba anenepo kanthu, anali atatuluka pageti kukayankha foni. Mpaka lero akuyankhabe.

Masana omwewo mphwanga anagogoda pa kanyumba kanga kakuseri, kamene chibwerereni anali atalowamo kamodzi kokha. Anakhala pa mpando wapulasitiki, manja ali pakati pa miyendo.

"Achimwene, ndalakwitsa. Ndithandizeni."

Ndikanakonda kulemba kuti ndinamva chisoni. Ndinamva kukoma. Kunatsika mpaka m'mimba ngati thobwa lozizira nyengo yotentha. Ndinavula magalasi, ndinawapukuta pang'onopang'ono, ndinati, "Ukanandifunsa, mphwanga." Anavomera ndi mutu. Ndinamuuza kuti asadandaule, mawa tilawirira ku Ndirande kukatenga chidutswa chija, zotsalazo andisiyire ine.

Atatuluka, mkazi wanga amene ankasita zovala pakona anaika simbi pansi.

"Inu, munthu wa mapepala ngati inu, simunadziwe kuti nambala imakhala pamenepo?"

"Ndinali ndikuthamangira kuntchito."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatenganso simbi yake. Sanadzandifunsenso.

Mmisiri tinamupeza akuwotcherera bedi. Titamufunsa anakweza magalasi ake n'kudzikanda kumutu.

"Kachitsulo kopindika kaja? Aaa, kanapita. Ogula zitsulo anadutsa Lachinayi lapitali, anasesa zonse. Ine zotsala sindisunga nthawi yaitali, malo ake ati? Mukanandiuza kuti n'kofunika."

Lachinayi lapitali. Tsiku limene ndinagula chinangwa lija kanali kakadalipo.

Anatilozera kumene ogulawo amakaunjika, kumpanda wina kufupi ndi mafakitale. Mulu wake unali wautali kuposa nyumba ya amayi: mabedi othyoka, mbaula zobooka, zitseko za minibasi, mawilibala opanda matayala. Mlonda anatilola kufufuza. Tinafukula masiku awiri, ine nditavula tayi, manja atachekekachekeka. Chitsulo chilichonse chopindika ndinkachitembenuza kufuna nambala ija. Tsiku lachiwiri mwini malo anatimvera chisoni, anatiuza kuti tikutaya nthawi, za sabata imeneyo lole inanyamula kale kupita nazo kokasungunula. Apo m'pamene ndinayamba kuopa. Kalata ija ndinailemba m'mutu inalibenso ntchito.

Mmisiri atamva anabwera kunyumba, nkhope ili yakugwa, atanyamula kabokosi ka zidindo zachitsulo.

"Nambalayo muli nayo papepala eti? Ndiwerengereni, ndiikhome pa mkono watsopanowu. Teni minitsi basi. Tithire madzi amchere ichite dzimbiri, palibe angadziwe."

Maso a mphwanga anawala. Ine ndinakaniza. Wapolisi anali ataona kale kuti pamalopo m'posalala, ndipo nambala yomera ngati bowa ikanamutengera mphwanga kundende. Pamenepo ndinalankhula msanga, momveka. Amayi anati kwa mzime wawo, "Mvera achimwene ako, zimenezi amazidziwa ndi iwo." Mawu amene ndinawadikira nthawi yonse ija anabwera, koma sanakomenso.

Kuyambira pamenepo ndinaivutikira fayilo imeneyo kuposa fayilo iliyonse m'moyo wanga. Ndinalemba makalata, ndinapita ndi mmisiri kwa loya kukalumbira kuti anadula ndi iye, ndinapempha anzanga onse amene ndinawathandizapo. Mzungu wogulitsa boti uja anali atasamuka, foni yake sinkalowanso. A ku Joni anayankha patapita miyezi kuti sangatsimikize za ngolo imene sanaione, tibwere nayo. A kuno anati ngolo yopanda nambala singachoke pakhomo, ngakhale kungofika pa boda. Aliyense ankanena zoona malinga ndi lamulo lake. Ine wodziwa makomo onse ndinagogoda onse, ndikudziwa kale kuti satseguka.

Tinkayenda limodzi, ine ndi mphwanga, ndipo chikulireni ndi nthawi yokhayo imene tinachezapo ngati abale. Pamabenchi a m'maofesi anandiuza zimene sankaika pa zithunzi. Anati nthawi ina anabisala sabata yathunthu m'chipinda chosungira matayala, kunja anthu akusaka alendo khomo ndi khomo. Anati pa chithunzi china chija magalasi akuda ankabisa diso lotupa. Anandiuzanso kuti ali kumeneko ankanyadira kwa anzake kuti ali ndi mkulu wake wa muofesi, wovala tayi, wosamalira mayi. Ine ndinangoti mzere sukuyenda lero.

Mvula inabwera. Boti linadzaza madzi, udzudzu unaswana, aneba aja anakankha nawo anayamba kudandaula. Tinalifunditsa lona, chinsalu chokhuthala chotchinga mvula. Matayala anaphwa, nkhuku za mkazi wanga zinapeza poikira. Ojambulitsa anasiya kubwera, ndipo mphwanga akamadutsa pamsika ometa ankamukuwa kuti, "Kaputeni! Sitima inyamuka liti?" Poyamba ankaseka nawo, kenako anayamba kudzera njira yakuseri. Anayesa ukondakitala wa minibasi, anayesa kukonza majenereta, koma mtima wake sunali pamenepo ndipo thupi linayamba kutha. Sabata iliyonse ankavundukula injini, kuipukuta, kuithira mafuta, n'kuivundikiranso.

Nsanje yanga inali itasowa chodya, koma sinafe. Ndikamuona atakhala ndi amayi pakhonde, iwo akumusankhira mnofu m'mbale mwawo, inkadzukabe. Munthu anali atataya zonse chifukwa cha ine, koma ndinkamuwerengerabe nthuli za nyama. Ndikulemba izi kuti musandiyese munthu amene anaphunzirapo kanthu msanga.

Chaka chitatsala pang'ono kukwana, anatiuza kuti mnzake wamupezera ntchito pa galaja ina ku Joni. Amayi sanalire pamaso pake. Anangoti, "Paja unati wabwera." Mphwanga anagwada pafupi ndi mpando wawo n'kunena kuti akakapeza zina adzabweranso. Amayi anamusisita kumutu. Tonse atatu tinkadziwa kuti zaka khumi ndi chimodzi sizibwera kawiri.

Ndinamuperekeza ndekha kokwerera mabasi a ku Joni, m'mawa kukuzizira. Anali ndi kachikwama kamodzi kapamsana. Kondakitala atayamba kuitana, anatulutsa mapepala aja ndi kiyi wa injini n'kundipatsa.

"Botilo ndi lanu, achimwene. Zikadzatheka mudzaligulitse, muziwagulira amayi mankhwala. Zikakanika, nkhuku za alamu zisasowe nyumba." Anaseka pang'ono. "Ine ndinakulakwirani. Ndinakudererani pobwera paja. Koma pa anthu onse anavina pakhomo aja, amene wayenda nane mpaka nsapato kutha ndi inu nokha. Mulungu akudalitseni."

Anandikumbatira. Pakamwa panga panalinso mawu, ochepa ngati a tsiku lija. Ndinamuuza kuti asaiwale kuimba akawoloka pa Tete.

Papita zaka zitatu. Mapepala ake okhalira kumeneko anatha, ndiye akangotulukako sadzamulolanso kulowa. Amaimba foni Lamlungu tikabwera kutchalitchi, ndipo amayi amayamba kuigwira m'manja foniyo kutacha. Ine ndinabwerera pamalo panga, popanda wopikisana naye. Boti likadali pabwalo, lona yake tasintha kawiri.

Mwezi watha amayi anadwala kwambiri, magazi anathamanga mpaka tinagona nawo kuchipatala masiku anayi. Titatuluka, tsiku lina masana ndinawapeza pakhonde atakhala moyang'ana lona ija. Ndinawaika mapiritsi m'dzanja n'kulowa m'nyumba kukatunga madzi. Nditabwera anali akadawafumbatabe.

"Ndakhala ndikuganiza," anatero osandiyang'ana. "Mmisiri uja ndinamuitana ndine. Mwana anachoka kutali konse kuja, katundu wake ali bwinobwino, ine n'kumuitanira munthu wodzadula. Ndinamuthamangitsa ndekha mwana wanga. Ndikadzafa iye kulibe, musadzamunene. Mlandu ndi wanga."

"Si inu, amayi."

Anatembenuka n'kundiyang'ana ndi maso awo amene ayamba kuchita ng'ala.

"Nanga ndani?"

Ndinawapatsa kapu ya madzi, ndinaigwirira pansi kuti isatayike, mpaka anameza mapiritsi onse awiri.